Funsani za thanzi: Anapita kukatsegulitsa mtsempha wa mtima, heart attack nkuwapeza pa bedi lomwelo

Moni nonse owerenga athu. Mwezi uno mafunso abwera ambiri ndithu, ena pa WhatsApp ena makalata a pamanja, koma angapo anali ozungulira nkhani imodzi, ya heart attack, kutanthauza kufa kwa mbali ya mnofu wa mtima ikasowa magazi, ndi zoika stent, kaukonde kachitsulo kothandiza kuti mtsempha wa mtima ukhale wotseguka, nde ndangoti ndiwasonkhanitse pamodzi. Maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Adokotala, bambo anga a zaka 64 akhala ndi BP ndi shuga kwa nthawi yaitali, chaka chatha anayamba kumva kuthina pachifuwa akangoyenda pang'ono olo kuchoka kunyumba kufika pa siteji amaima kawiri. Tinasonkherana ndalama pa banja, puloti ya ku Chitedze tinagulitsa, mpaka anapita ku India ndi achimwene anga ngati gadiyani. Kumeneko anati mitsempha iwiri ya mtima yachepa nde anaika ma stent. Mawa lake dokotala anauza achimwene kuti nthawi yomwe amatsegula mtsemphawo bambo anachita heart attack yaing'ono, anawasunganso masiku awiri. Panopa anabwera, akuyenda, akudya, koma pakhomo sipali bwino, azakhali akuti madokotala analakwitsa akungobisa, amalume akuti pali dzanja la munthu, ndipo poti ine ndi amene ndinakakamira kuti apite zala zonse zikuloza ine. Zimatheka bwanji munthu kupita kothawa heart attack nkukaipeza pa bedi la chipatala? Wosowa mtendere, Area 25.

YANKHO: Achemwali, pepani kwambiri, ndipo ndiyambe ndi mawu omwe mwina palibe wakuuzani pakhomopo: simunalakwe. Munthu wa shuga ndi BP yemwe wafika poima kawiri asanafike pa siteji amayenera kuonedwa ndi akatswiri a mtima, inu munachita zomwe mwana amachitira kholo lake. Zomwe zinachitika pa bedi paja ndi zodziwika, zili ndi dzina lake m'mabuku a madokotala, nde ndikufuna ndikufotokozereni pang'onopang'ono kuti mukathe kuwauza azakhali ndi amalume ndi pakamwa panu.

Mtima umapopa magazi kupita thupi lonse koma nawonso ndi mnofu, umafuna kudya, ndipo sudya magazi omwe akudutsa mkati mwakemo ayi. Uli ndi mitsempha yakeyake yoyenda pamwamba pake, ikuluikulu ndi itatu, ndipo ndikati ikuluikulu musaganize za paipi, ndi mamilimita 3 kapena 4 basi, ngati kachubu ka inki ka mu bolopeni. Pa itatuyo pamatuluka nthambi, nthambizo nkugawikanso mpaka timitsempha tosaoneka ndi maso. Zaka zikamapita, makamaka ngati pali shuga, BP, fodya kapena mafuta ochuluka m'magazi, mkati mwa khoma la mtsempha mumaunjikana mafuta, pena ofewa ngati phala pena ouma gwa ngati nkhoko za mumphika, pamwamba pake nkukhala kakhungu kopyapyala. Njira ya magazi imachepa. Munthu akakhala pansi magazi amakwana, akayenda kapena kukwera chitunda mtima ufuna ambiri koma sakudutsa, nde kuthina kuja.

Potsegula sang'amba chifuwa ayi. Amabaya jakisoni wa dzanzi pa mkono pomwe timavala wotchi, kapena m'mphechepeche, nkulowetsa kachubu kataliko mu mtsempha mpaka kukafika pa mtima, munthu ali maso akumva zonse. Amathira mankhwala ooneka pa X-ray kuti aone pomwe pachepa, kenako amadutsitsa kawaya kowonda kosafika theka la milimita, pa kawayapo nkuyendetsa kabaluni. Kabaluniko amakapopa ndi mphamvu yoposa kasanu mpweya wa mu tayala la galimoto, kamakankhira mafuta aja m'mbali, nkusiyapo stent, kaukonde kachitsulo kooneka ngati sipuling'i, kuti mtsempha usabwerere mwakale. Ntchito yonseyi dzina lake ndi angioplasty, pa mapepala ena amalemba PCI.

Tsono taganizani, mukuphwanya chinthu chouma mkati mwa kachubu ka mamilimita 3, magazi akuyenda, mtima ukugunda osaima. Inu a mu Lilongwe muno mwaona mmene zimakhalira akamakuza msewu, msewu waukulu umatambasuka bwino koma dothi lomwe akankha lija limakaunjikana pa kamsewu kolowera kwanu mpaka galimoto osalowa. Mu mtima ndi chimodzimodzi. Ngati pomwe pachepapo panali kanthambi kotuluka, mafuta okankhidwa aja kapena stent imene imatha kutseka pakamwa pa kanthambiko, ndipo kachigawo ka mtima komwe kamadyera mmenemo kamasowa magazi. Kawirikawiri vuto limayambira pamenepa. Njira ina ndi ya zinyenyeswa, mukudziwa akangokonza paipi ya madzi m'dera madzi oyamba amabwera ndi mchenga, paipi yaikulu ili bwino koma kasefa ka pa mpopi wanu katsekeka. Tizidutswa ta mafuta ndi ta magazi oundana timathothoka nkutsetsereka kukatseka timitsempha ta kutsogolo komwe waya sangafike, moti pena dokotala amaona pa sikirini kuti mtsempha watseguka bwinobwino koma magazi akuyenda mwaulesi. Nthawi zinanso kakhungu ka mkati mwa mtsempha kamang'ambika nkupindikira m'njira ngati chitseko, kapena magazi amaundana pa waya ndi pa stent, nchifukwa chake asanayambe amapereka asipilini ndi clopidogrel ndipo ntchito ili mkati amathira heparin, onsewa ndi mankhwala oletsa magazi kuundana.

Mnofu wa mtima ukavulala umatayira m'magazi chinthu chotchedwa troponin, ndipo makina a masiku ano amagwira olo kochepetsetsa. Mwa anthu oikidwa stent, mpaka mmodzi mwa atatu troponin amakwerako pang'ono iwo osamva kalikonse, ndipo zimenezo sitizitcha heart attack. Mabungwe akuluakulu a madokotala a mtima a ku Ulaya ndi ku America, mu chigwirizano chawo cha 2018, anati dzinali lizigwira ntchito pokhapokha troponin wakwera kupitirira kasanu pa mlingo wa munthu wabwinobwino mkati mwa maola 48, komanso pali umboni wina, kaya ECG, yomwe imajambula kagundidwe ka mtima pa pepala, yasintha, kaya sikani yaonetsa kuti mbali ina ya mtima siikugwira ngati kale, kaya pa chithunzi paoneka nthambi yotsekeka. Imeneyo amaitcha type 4a. Tengani lipoti lomwe anabwera nalo bambo muwerenge, mwina mupezamo mawu amenewa kapena akuti periprocedural MI, ndi chinthu chimodzi.

Sindikunamizani kuti palibe kanthu. Mnofu wa mtima womwe wafa sumeranso, pamatsala chipsera, ndipo omwe troponin anakwera kwambiri amafunika kuwayang'anira mwatcheru zaka zotsatira. Koma mawu oti yaing'ono ali ndi tanthauzo, ambiri mwa ma heart attack amenewa amakhudza kachigawo kochepa ndipo mphamvu yopopa siisintha. Njira yodziwira ndi sikani ya mtima yomwe timati echo, pa lipoti lake pamakhala nambala yotchedwa EF, ikakhala 50 kupita m'mwamba nde kuti mtima ukupopa bwino. Ngati anawapanga echo asanalowe, yerekezani ndi ya pambuyo pake. Ngati ya pambuyo palibe, pemphani ipangidwe konkuno.

Za azakhali zoti madokotala analakwitsa, sindinganene kuti dokotala salakwitsa, ndife anthu. Koma heart attack ya pa bedi payokha si umboni woti wina analakwa, imachitika ngakhale m'manja mwa akatswiri otchuka, ndipo bambo anu anali ndi zinthu zingapo zokweza ngoziyi, zaka, shuga, ndi mitsempha iwiri osati umodzi. Mitsempha ya anthu a shuga imakonda kukhala yopyapyala, youma, yodwala mtunda wautali. Komanso ine zomwe zandikhazika mtima pansi mu kalata yanu ndi zoti dokotalayo anawaitana achimwene nkuwauza yekha, nkuwasunga bambo masiku ena awiri. Munthu wobisa sachita choncho. Ngati banja likufunabe kukhutira, zipatala zambiri zimapereka CD ya zithunzi za mitsempha, mupite nayo pamodzi ndi lipoti kwa dokotala wamkulu wa matenda a m'thupi, kaya ku Kamuzu Central kaya kwina, ndipo mutenge azakhaliwo akamve okha. Kwa amalume, auzeni mwaulemu kuti kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi muno ali ndi BP yokwera ndipo ambiri sadziwa. Dzanja lomwe lakhala likufinya mitsempha ya bambo zaka zonsezi ndi limenelo, pamodzi ndi shuga.

Ndiikepo kambiri pang'ono poti imathandiza kumvetsa. Woyamba kutsegula mtsempha wa mtima ndi baluni anali Andreas Grüntzig ku Zurich pa 16 September 1977, ndipo mabaluni oyambirira ankawapangira pa tebulo la kukhitchini kwake. Masiku amenewo kunalibe stent, mtsempha unkatha kutsekeka mwadzidzidzi baluni ikangophwa, moti gulu la madokotala ong'amba chifuwa linkadikira pafupi. Stent yoyamba mu mtima wa munthu inaikidwa mu 1986, Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne, ndipo inabwera kwenikweni kudzathana ndi vuto lomweli. Lero ofunika kuthamangira nawo ku fiyeta kukang'amba chifuwa safika mmodzi pa 100. Ngozi yachepa kwambiri koma siinathe, akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope omwe anagwera bambo anu akuoneka kuti anali ochepa poti akuyenda ndipo akudya.

FUNSO: Adokotala, ndine bambo wa zaka 52, ndimagwira ntchito ya mu ofesi. Ndinapita ku Johannesburg kukayezetsa thupi lonse, anapeza kuti mtsempha umodzi wa mtima wachepa ndi 70 pa 100. Ine pachifuwa pamandipweteka pokhapokha ndikakwera masitepe mothamanga, ndikaima zimatha. A sikimu avomera kulipira stent koma fomu yomwe anandipatsa kuti ndisaine yalemba heart attack, sitiroko, imfa, nde ndabwerera nayo osasaina. Mkazi wanga akuti ndipite mwayi usanathe, ine mantha. Ndisaine? Bambo wa ku Area 47.

YANKHO: Bambo, kusaina kapena kusasaina ndi kwanu ndi dokotala yemwe waona zithunzi zanu, koma mwachita bwino kuwerenga fomu, ambiri amangosaina. Zomwe zalembedwazo ndi zoona zimachitika, kungoti fomu siikuuzani kuti kangati. Kwa munthu wokonzekera bwino, wosabwera mwa ngozi, omwalira chifukwa cha ntchitoyi safika mmodzi pa 100, sitiroko ndi yosowa kuposa pamenepo, heart attack yeniyeni ya pa bedi ndi ya anthu ochepa pa 100.

Koma funso lalikulu kwa inu si ngozi yokha, ndi loti stent ikupindulirani chani. Apa anthu amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Pali munthu yemwe heart attack yamugwira kale, mtsempha watsekekeratu, mnofu ukufa mphindi iliyonse, kapena yemwe ululu wayamba kumubwera ali chikhalire ndipo ukukula tsiku ndi tsiku. Ameneyo stent imapulumutsa moyo, ndipo kuopa heart attack ya pa bedi kulibe mutu poti yaikulu ili kale mkati. Nde pali munthu ngati inu, ululu wa pa masitepe womwe umatha mukaima, womwe sukusintha miyezi ikamapita. Pa gulu lanuli panachitika kafukufuku wamkulu kawiri. Woyamba ndi COURAGE, wa anthu 2,287 ku America ndi Canada, zotsatira zinatuluka mu 2007. Wachiwiri ndi ISCHEMIA, wa anthu 5,179 m'maiko 37, wosindikizidwa mu 2020. Onse awiri anayerekeza omwe anangomwa mankhwala mokhulupirika ndi omwe anamwa mankhwala nkutsegulidwanso mitsempha, ndipo pa imfa sipanaoneke kusiyana. Mu ISCHEMIA muja, otsegulidwa anali ndi ma heart attack ambiriko koyambirira chifukwa cha ntchito yeniyeniyo, kenako ocheperako zaka zotsatira. Pomwe stent inapambana poyera ndi pochotsa ululu, makamaka kwa omwe unkawavuta pafupipafupi.

Nde mwayi womwe akunena amayi kunyumbawo suthawa mawa ayi, muli ndi mpata wofunsa. Koma musamve ngati ndati musapite. Kafukufuku ameneyu sanaphatikize anthu omwe pachepa ndi pa tsinde la mitsempha ya kumanzere, lomwe madokotala amati left main, kapena omwe mtima wawo wafooka kale, amenewo nkhani yawo ndi ina ndipo pena chofunika ndi opaleshoni ya bypass, yolumikiza mtsempha wina kuti magazi alambalale pomwe pachepapo, osati stent. Mufunseni dokotala wanu kuti pachepa ndi pa mtsempha uti, pali nthambi yaikulu pafupi kapena ayi, pauma kapena ndi pofewa, ndipo ngati ayeza kuthamanga kwa magazi pamalopo ndi kawaya koyezera, poti 70 ya pa chithunzi siimatanthauza nthawi zonse kuti magazi akuperewera. Mufunseninso kuti mutayamba ndi mankhwala okha miyezi ingapo mungataye chani. Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa.

Mukaganiza zopita, pali zomwe zimachepetsa ngozi ndipo zina zili m'manja mwanu. Mapiritsi omwe akupatseni kuti muyambiretu, asipilini, clopidogrel ndi a mafuta aja monga atorvastatin, imwani ndendende mmene anenera, a mafutawo akamwedwa ntchito isanachitike amachepetsa kuvulala kwa mtima pa bedi. Ayeze impso zanu kaye poti mankhwala ooneka pa X-ray aja amalemetsa impso, ndipo ngati mumamwa mapiritsi a shuga a metformin muwauze. Muwauzenso za mankhwala azitsamba alionse, olo a mu botolo ogula mu tauni, musachite manyazi. Ndipo muli pa bedi paja muzilankhula. Baluni ikafufuma imatseka magazi kwa timasekondi nde kuthina pang'ono kumabwera, koma mukamva kuti sikukutha, kapena kwayambanso muli ku wodi usiku, itanani nesi pompo, musapirire kuti muoneke mwamuna.

FUNSO: Adokotala, amuna anga anaikidwa stent miyezi 4 yapitayo atadwala heart attack. Mapiritsi omwe anabwera nawo atha, mu famase ndi odula ndipo nyumba ya lendi, ana fizi, nde papita masiku 9 asakumwa aja a clopidogrel, akungomwa asipilini. Iwo akuti akumva bwino ndipo mtsempha anautsegula kale. Komanso dzino likuwapweteka akumwa Brufen, akufuna akazule. Ndidandaule? Mayi wa ku Kawale.

YANKHO: Mayi, inde dandaulani, ndipo mwa makalata onse a mwezi uno yanuyi ndi yomwe yandisowetsa tulo. Nditaiwerenga ndinakuyankhani pa foni tsiku lomwelo, pano ndikubwereza chifukwa ndikudziwa kuti simuli nokha. Anthu timaopa bedi la chipatala pomwe pali madokotala, makina ndi mankhwala onse pafupi, koma heart attack yoopsa kwambiri ya stent imachitikira kunyumba, botolo la mapiritsi likatha.

Stent ndi chitsulo, ndipo magazi akakhudza chitsulo amafuna kuundana. Thupi limatenga miyezi kuti limere kakhungu kake pamwamba pa kaukonde kaja, ndipo ma stent a masiku ano, omwe anayamba cha mu 2002 ndi 2003, amapakidwa mankhwala oletsa mtsempha kumeranso mnofu wotseka njira, zomwe ndi zabwino koma zimachedwetsanso kakhungu kaja. Pa nthawi yonseyi chomwe chikutchinga magazi kuti asaundane pa chitsulopo ndi mapiritsi awiri aja pamodzi, asipilini yekha sakwana. Akaundana mtsempha umatsekeka wonse kamodzinkamodzi, popanda chenjezo, munthu ali bwinobwino akumwa tiyi, ndipo imeneyi siikhala yaing'ono, ena safika nkuchipatala komwe. Kwa munthu yemwe anaikidwa stent chifukwa cha heart attack, nthawi yomwa onse awiri imakhala miyezi 12, kwa oikidwa mokonzekera imakhala 6, ndipo wofupikitsa ndi dokotala wa mtima yekha. Kumva bwino si chizindikiro choti ngozi yatha.

Nde lero lomwe ayambirenso, pokhapokha ngati akutaya magazi penapake, ndipo sabata ino aonane ndi dokotala amuuze chilungamo kuti anadumpha masiku 9. Za mtengo ndikumvetsa, sindikuchepetsa. Mu famase musafunse dzina la pa bokosi lomwe anabwera nalo, funsani clopidogrel wa 75 mg, alipo opangidwa ndi makampani osiyanasiyana otsika mtengo ndipo ntchito ndi imodzi. Yendani mafamase angapo poti mitengo imasiyana, funsaninso ku kiliniki ya BP ndi shuga ya chipatala cha boma, ndipo ngati ndalama ikukwana masiku 10 okha gulani a masiku 10 omwewo. Ngati pali abale omwe anasonkha za ulendo wokaikitsa stent, auzeni poyera kuti ulendo sunathe, mutu umodzi susenza denga.

Brufen asiye, pamodzi ndi diclofenac ndi Indocid. Amenewa akaphatikizana ndi mapiritsi a stent amatha kuboola zilonda m'mimba munthu nkutaya magazi, komanso mtima weniweniwo sagwirizana nawo. Amwe Panado. Dzino akazule ndithu koma amuuze dokotala wa mano za stent ndi mankhwala onse, nthawi zambiri dzino limazulidwa osasiya mapiritsi, amangotsindira thonje nthawi yaitaliko kapena kusoka. Wina akawauza kuti siyani kaye sabata imodzi, asasiye asanalankhule ndi dokotala wa mtima. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi, kapena kamfuno kosasiya, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Kanthu kena kakang'ono, ngati amamwa omeprazole wa zilonda za m'mimba atchulenso, poti amafooketsa clopidogrel ndipo dokotala atha kuwasinthira pantoprazole.

FUNSO: Adokotala, mayi anga a shuga amadandaula chilungulira usiku, pena mpaka thukuta. Timangowagulira mapiritsi otafuna a m'mimba aja. Tingadziwe bwanji kuti si mtima? Mnyamata wa ku Chinsapo.

YANKHO: Achimwene, kunyumba simungadziwe, olo ine ndi maso okha sindingadziwe, nchifukwa chake pali ECG ndi troponin. Thukuta mwatchulalo sindikulikonda. Chilungulira wamba chimabwera munthu akadya, chimawotcha kukwera kukhosi, sichitulutsa thukuta lozizira. Za mtima zimakhala ngati wina wakukhalira pachifuwa, pena kupita ku mkono, ku nsagwada kapena kumsana, koma amayi ndi anthu a shuga nthawi zina samva choncho, amangoti chilungulira, befu, nseru, kufooka kosadziwika bwino. Mawa lomwe apite akayezedwe ECG ndi kabuku kawo ka kuchipatala m'manja, musadikire kuti ziyambenso.

Zikawagwira usiku nkupitirira mphindi 15 osasiya, musawafulule, musadikire kuche, musayambe ndi kuimbira abale onse. Ngati asipilini samawawenga ndipo alibe zilonda za m'mimba zotaya magazi, atafune 300 mg, akhale tsonga, pezani galimoto ya neba osati kabaza, ndipo lunjikani chipatala chachikulu chomwe chili ndi ECG usiku ngati Kamuzu Central. Mtsempha ukatsekekeratu mnofu umayamba kufa mkati mwa theka la ola, ndipo komwe kulibe zotsegulira ndi baluni pafupi pali mankhwala a mu dilipi osungunula magazi oundana, monga streptokinase, omwe amagwira bwino kwambiri mu maola oyambirira, akadutsa maola 12 phindu lake limakhala litatha. Mukafika pa windo musanene kuti akudwala m'mimba, adzakuikani kumbuyo kwa mzere. Nenani kuti ndi a shuga, akumva kuthina pachifuwa ndi thukuta kuyambira nthawi yakuti, ndipo mukupempha ECG.